Nkhumba ya lendi ndi buledi wouma: mbiri ya soseji ya ku Ireland

Nkhumba inayamba kudyedwa pa chilumba cha Ireland kusanafike ng'ombe, nkhosa kapena tirigu. Pa Mount Sandel, m'mbali mwa mtsinje wa Bann kumpoto kwa chilumbachi, akatswiri ofukula zakale anapeza mafupa opserera a nguluwe pamene alenje ankasonkha moto zaka pafupifupi 10,000 zapitazo. Alimi oyamba anadzafika mochedwa, cha m'ma 4000 Yesu asanabadwe, atakweza ziweto zawo m'mabwato, ndipo pakati pa ziwetozo panali nkhumba zoweta.

M'nthawi ya mafumu ang'onoang'ono ndi amonke, kuyambira zaka za m'ma 500 mpaka za m'ma 1100, chuma cha munthu chinkaonekera m'khola la ng'ombe. Ng'ombe inali ya mkaka, yolipira milandu ndi yokwatirira, choncho kuipha chifukwa cha nkhuli kunali kudziwonongera. Nkhumba sikamidwa, sikoka pulawo, ilibe ubweya wolukira chofunda. Ntchito yake ndi imodzi basi, ndipo imaswa ana ambirimbiri. Inkadzifunira yokha chakudya m'nkhalango za mitengo ya oak, imene imayoyola njere zonenepetsa nyengo yozizira ikamayandikira. Njerezi ankazilemekeza moti amonke olemba zochitika za chaka ndi chaka ankalemba chaka chimene zabereka kwambiri pambali pa nkhondo ndi imfa za mafumu. Malamulo akale a dzikolo, otchedwa a Brehon, anali ndi chindapusa chakechake cha nkhumba yofukula munda wa mnansi, umboni wakuti mlandu umenewu ndi wakale kulikonse kumene kuli nkhumba.

Nthano za anthu a ku Ireland nazonso ndi zonunkhira nyama ya nkhumba. Ina yotchuka imasimba za nkhumba yaikulu ya Mac Da Thó, imene ankhondo a m'zigawo za Ulster ndi Connacht anakanganirana pa phwando, aliyense akudzitama ndi anthu amene anawapha pofuna kuti mpeni wogawira nyama ukhale m'manja mwake. Ina, Aislinge Meic Con Glinne, yolembedwa cha m'ma 1100, ndi ya mnyamata wophunzira amene anachiritsa mfumu yogwidwa ndi chiwanda cha kususuka poifotokozera maloto a dziko lomangidwa ndi zakudya zokhazokha. M'malotomo muli nyama yamchere, mafuta, ndi matumbo opakiridwa zokoma mkati. Apa m'pamene timaonera kuti luso lotsuka matumbo a nyama n'kulongamo zotsala linalipo kale. Koma tisafulumire kunena kuti imeneyo inali soseji imene anthu a ku Dublin amakazinga lero m'mawa. Panali padakali ulendo wautali.

Zaka za m'ma 1500 ndi 1600 zinasintha zonse. Mafumu a ku England analanda dzikolo pang'onopang'ono, minda inapita m'manja mwa eni malo achilendo, ndipo nkhalango zinagwetsedwa kuti zikhale matabwa a sitima, migolo ndi makala osungunulira chitsulo. Nkhumba inasowa kokadya. Nthawi yomweyo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, kunafika mbewu yochokera ku South America imene inagwirizana ndi dothi lonyowa la chilumbachi: mbatatesi, yomwe kuno ena amati kachewere. Kamunda kakang'ono ka mbatatesi kankadyetsa banja lonse, ndipo zing'onozing'ono, zoola pang'ono ndi makoko zinkapita kwa nkhumba. Nyama ya m'nkhalango ija inasamukira pakhomo, ndipo m'mabanja osauka inkagona m'nyumba momwemo, pafupi ndi moto. Arthur Young, Mngelezi wokonda za ulimi amene anayendera dzikolo m'zaka za m'ma 1770, anaona ana ndi nkhumba akudyera limodzi mbatatesi m'tinyumba ta alimi.

Koma mlimi wosaukayo nkhumba yake sankaidya. Ankainenepetsa kuti akaigulitse pa msika n'kupereka lendi ya kamunda kwa mwini malo, ndipo n'chifukwa chake ankainena moseka kuti ndi bwana wolipira lendi. Bwana sagonekedwa panja. Banja linkadya mbatatesi ndi mkaka wowawasa tsiku ndi tsiku, uku likusamalira nyama yoti ikadyedwe ndi ena.

Enawo anali kutali. M'zaka za m'ma 1660 nyumba ya malamulo ya ku London inaletsa ziweto ndi nyama za ku Ireland kulowa mu England pofuna kuteteza alimi akwawo. Amalonda a m'madoko a kummwera, makamaka Cork, anatembenukira kunyanja yaikulu. Ankapha ng'ombe ndi nkhumba zochuluka, kuthira mchere, kulonga m'migolo n'kutumiza ku sitima zankhondo ndi ku zilumba za West Indies, kumene ina inkadyetsa akapolo m'minda ya nzimbe. Zimene sizikanatha kulongedwa m'migolo zinkatsala mumzinda: mitu, mang'ina, impso, nthiti zopalidwa, matumbo ndi magazi. Osauka a ku Cork anaphunzira kuphika zimenezi mwaluso, ndipo mpaka lero mu English Market, msika wa mumzindawo umene unatsegulidwa mu 1788, mumagulitsidwa mang'ina a nkhumba ndi drisheen, chakudya cha magazi oundana chimene alendo ambiri amachiyang'ana kawiri asanalawe.

Kenako kunagwa njala. Mu 1845 matenda a chiwawu anagwira mbatatesi, ndipo anabweranso zaka zotsatira. Pa anthu oposa 8 miliyoni amene anawerengedwa mu 1841, pafupifupi 1 miliyoni anafa ndi njala ndi matenda, ndipo enanso oposa 1 miliyoni anakwera sitima kupita ku America, Canada ndi Britain. Nkhumba, yomwe inkadya m'mbale imodzi ndi mbuye wake, inali yoyamba kugulitsidwa kapena kuphedwa. Mu 1841 zinalipo pafupifupi 1.4 miliyoni, koma pofika 1847 zinali zosakwana theka la chiwerengerocho. Boma linaitanitsa chimanga chachikasu kuchokera ku America choti anthu aziphika phala. Poyamba sankadziwa kuchigaya ndi kuchiphika, ndipo chinkawapweteka m'mimba. Njala itatha chimangacho sichinachoke. Chinakhala chakudya cha osauka kwa zaka zambiri, komanso chonenepetsera nkhumba.

Amene anatsala pa minda njala itadutsa anali ochepa, ndipo pang'onopang'ono minda inakula. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa za m'ma 1900, malamulo atsopano analola alimi kugula malo amene ankachita lendi. Apa m'pamene mlimi wamba anayamba kupha nkhumba yoti adye yekha, imodzi kapena ziwiri pa chaka, ndipo mwambo wa tsiku lopha nkhumba unazika mizu. Tikuudziwa bwino chifukwa pakati pa 1937 ndi 1939 bungwe la Irish Folklore Commission linatuma ana a sukulu m'dziko lonse kukafunsa agogo awo zakale n'kulemba m'makope, ndipo makopewo akusungidwa mpaka pano.

Nkhumba inkaphedwa kukazizira, mbatatesi itakololedwa, nthawi zambiri mu Okutobala kapena Novembala. Ankati miyezi yotentha, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, si yophera nkhumba, ndipo ena ankapewa nthawi imene mwezi kumwamba ukuchepa poopa kuti nyama ingadzafote mumphika. Madzulo a pa 10 Novembala, usiku wotsogolera tsiku la Martin Woyera, mabanja ambiri ankakhetsa magazi a tambala, tsekwe kapena chiweto china n'kuwaza pakhomo ndi m'ngodya zinayi za nyumba kuti chaka chiyende bwino. Chikhristu ndi zamakolo zinkagona m'nyumba imodzi popanda kukangana.

Tsiku lisanafike, nkhumba ankaimana chakudya kuti matumbo ayere. M'mudzi uliwonse munali bambo wodziwa kubaya, ndipo amuna oyandikana nawo ankabwera kudzagwira miyendo. Mayi wapanyumba ankaima pafupi ndi beseni kulandira magazi, akutakasa osalekeza ndi kuthiramo mchere kuti asaundane. Madzi owira ankakhala ali chire pa moto. Akaithira madziwo ankapala ubweya ndi mipeni, kutumbula, n'kuipachika pa makwerero kapena pa mtanda wa denga kuti igone usiku wonse ikuzizira. M'mawa mwake ankaidula nthulinthuli, kupaka mchere ndi manja mpaka zala kuwawa, n'kusanja mumgolo. Pakapita milungu ingapo nyamayo ankaipachika pamwamba pa moto, pamene utsi wa dothi la m'dambo, limene amakumba n'kuumitsa kuti likhale nkhuni zawo, unkaifukiza. Imeneyo ndiyo inali ndiwo ya banja mpaka chaka china, yophikira limodzi ndi kabichi.

Ntchito ya amayi inali ya matumbo. Ankapita nawo ku mtsinje, kuwatembenuza, kuwatsuka m'madzi ozizira ngati matalala mpaka ayere mbee. Kunyumba ankasakaniza magazi aja ndi oats, anyezi, mafuta a nkhumba, mkaka pang'ono, mchere ndi tsabola, n'kuthira m'matumbo, kumanga ndi ulusi ndi kuwiritsa pang'onopang'ono, akubaya ndi singano kuti asaphulike. Chotulukapo ndi pudding wakuda, amene Mmalawi angamumve bwino titati ndi uwende wovala matumbo. Wina ankapangidwa wopanda magazi, ndipo ameneyo ndi pudding woyera. Ana ankadikira chikhodzodzo, chimene ankachiuzira mpweya n'kusandutsa mpira. Madzulo ana omwewo ankatumidwa khomo ndi khomo ndi mbale ya pudding ndi kanthuli ka nyama yofewa ya kumsana, yomwe sinkathiridwa mchere. Kupatsa n'kuika: mnansi akadzapha yake mwezi wamawa, mbale ija inkabwerera yodzaza, ndipo mwa njira imeneyi mudzi wonse unkalawa nyama yaiwisi kangapo m'nyengo yozizira popanda firiji.

Amene amati soseji ya ku Ireland inabadwira m'khitchini ya agogo kumudzi amakometsa nkhani. Mabanja ena ankadula tizidutswa totsala n'kulonga m'matumbo, inde, koma cholinga cha tsiku lopha nkhumba chinali kusunga, ndipo nyama yaiwisi yogaya siichedwa kuonongeka. Zapamudzi zenizeni zinali bekoni ndi pudding. Soseji monga ikudziwikira lero, yosalala mkati, yotuwira, yonunkhira tsabola woyera, ndi mwana wa m'tauni.

Inkafuna zinthu zimene tauni yokha inali nazo: nkhumba zophedwa mlungu uliwonse, ogula okhala pafupi, zokometsera zobwera pa sitima, ndi makina ogayira nyama, amene anafala m'zaka za m'ma 1800. Mu 1820 Henry Denny anayamba bizinesi ya nyama ya nkhumba mumzinda wa Waterford, ndipo banja lake linatchuka ndi njira yothira mchere wochepa pogwiritsa ntchito madzi oundana, zimene zinalola kuti ntchito iziyenda chaka chonse. Limerick inadzaza ndi mafakitale a mabanja a Matterson, Shaw, O'Mara ndi Denny yemweyo, mpaka mzindawo kupatsidwa dzina lachipongwe la Pigtown, limene eni ake amalinyadira. Mbali zabwino za nkhumba zinkapita ku Britain ngati bekoni. Zodulidwa m'mbali zinkagayidwa, ndipo kuti zichuluke komanso zigwirane ankathiramo nyenyeswa za buledi ndi madzi.

Panabweranso alendo ena amene mbiri siiwatchula kawirikawiri. Kuchokera ku dera la Hohenlohe, kummwera kwa Germany, anyamata ndi atsikana odziwa ntchito ya nyama ya nkhumba ankasamukira ku Britain, ndipo ena anaolokera ku Ireland. Maina ngati Hafner, Olhausen, Youkstetter ndi Mogerley anaonekera pa zikwangwani za mabutchala a ku Dublin. Anthuwa ankagulitsa nkhumba yokha, m'masitolo aukhondo, ndipo soseji inali luso lawo lobadwa nalo. Sanakakamire kakomedwe ka kwawo. Anapanga zimene ogula ankafuna, ndipo maina ena mwa amenewa akadali pa mapaketi mpaka lero, anthu ambiri osadziwa n'komwe kuti ndi a Chijeremani. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu Ogasiti 1914, gulu la anthu olusa linaphwanya ena mwa mabutchala amenewa mu Dublin, kuiwala kuti dzulo lake linkagula chakudya cham'mawa pomwepo.

Pofika nthawiyo soseji inali italowa kale m'moyo wa mumzinda. M'buku la Ulysses la James Joyce, lomwe linatuluka mu 1922 koma limasimba za tsiku la 16 Juni 1904, Leopold Bloom amapita ku butchala m'mawa kukagula impso ya nkhumba, n'kupeza mtsikana wantchito wa nyumba yoyandikana nayo akugula masoseji a Denny. Kampaniyo inadzapata mendulo ya golide pa chionetsero cha zakudya ku Manchester mu 1933, ndipo soseji yake ina imatchedwabe ndi dzina la mendulo imeneyo.

M'nyumba zodzaza za osauka a ku Dublin, momwe banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi chokhala ndi moto umodzi ndi poto mmodzi, munabadwa chakudya chotchedwa coddle. Akatolika sankadya nyama Lachisanu, choncho Lachinayi madzulo mayi ankatenga masoseji ndi bekoni zotsala, kusanja mupoto pamodzi ndi mbatatesi ndi anyezi, kuthira madzi n'kusiya kuti zizibwata pang'onopang'ono kwa maola angapo. Bambo akachedwa komwera mowa ankachipeza chikadali chofunda. Masoseji a mu coddle sakazingidwa, choncho amatuluka otuwa, ooneka ngati aawisi, ndipo anthu a m'madera ena a dzikolo amachinyoza chakudyachi poyera. Ophika amakono ena amayamba awakazinga kuti aoneke bwino. A ku Dublin enieni amati ameneyo waphika china, osati coddle. Pa mkangano umenewu ine ndili kumbali ya otuwawo, chifukwa mafuta ndi buledi wa m'sosejimo ndi zimene zimalemeretsa msuzi.

Dziko litadzilamulira mu 1922, bekoni anakhalabe pakati pa malonda akuluakulu otumizidwa kunja. Pa nkhondo yachiwiri Ireland sinamenye nawo, koma sitima zobweretsa chimanga zinasiya kufika ndipo nkhumba zinachepa kwambiri. Kusintha kwenikweni kunadza nkhondo itatha. Mu Novembala 1946 anaimika mtengo woyamba wa ntchito yofikitsa magetsi kumidzi, ndipo m'zaka makumi otsatira firiji inalowa m'nyumba za alimi. Mgolo wa mchere unasowa ntchito. Galimoto ya wogulitsa inkafika pakhomo ndi masoseji a m'paketi, ndipo achinyamata amene akanagwira miyendo ya nkhumba anali atapita kukagwira ntchito ku London ndi Birmingham. Pofika m'ma 1970 kulira kwa nkhumba pa bwalo la nyumba kunali kosowa. Ireland italowa mu mgwirizano wa maiko a ku Ulaya mu 1973, malamulo a ukhondo wa nyama anakhwima, ulimi wa nkhumba unapita kwa alimi ochepa okhala ndi makola a zikwizikwi, ndipo mtundu wakale wa Large White Ulster, wonenepa ndi wa khungu lopyapyala, unali utatha kale. Ngakhale chizolowezi cha m'tauni chosunga nkhumba kuseri kwa nyumba n'kumatolera zotsala m'makomo chinafa, ndipo mu 2001, matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi atabuka, kudyetsa nkhumba zotsala za m'khitchini kunaletsedwa.

Soseji yokha inapita patsogolo. Inakhala mtima wa chakudya cham'mawa chokazinga: masoseji awiri, bekoni, dzira, pudding wakuda ndi woyera, tomato, buledi wa soda ndi tiyi wamphamvu. Nyumba zogona alendo zinachisandutsa chizindikiro cha dziko. Masitolo a Superquinn, amene anayambitsidwa ndi Feargal Quinn, ankapangira masoseji awo m'sitolo momwemo, ndipo anthu anawakonda moti pamene kampani ya Musgrave inagula masitolowo mu 2011 n'kufafaniza dzinalo pa zikwangwani mu 2014, funso la anthu ambiri linali la masoseji. Dzina la Superquinn linatsala pa paketi ya soseji, masitolo ake atatha. Ku Clonakilty, m'chigawo cha Cork, Edward Twomey anagula butchala mu 1976 n'kupezamo kaphikidwe ka pudding ka m'zaka za m'ma 1880, ndipo chakudya chimene chinkaoneka cha amphawi chinafika m'malesitilanti odula. M'zaka za chuma chokwera, chakumapeto kwa m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa m'ma 2000, amisiri omanga nyumba analibe nthawi yokhala pa tebulo, choncho chakudya chonse cham'mawa chija chinkapanikizidwa mu buledi wautali n'kugulitsidwa pa malo omwetsera mafuta a galimoto.

Pa 6 Disembala 2008 boma linalamula kuti nyama yonse ya nkhumba yopangidwa m'dzikolo kuyambira pa 1 Seputembala ichotsedwe m'masitolo. M'zakudya za ziweto, zopangidwa kuchokera ku buledi wotsala wa m'mabekale, munapezeka poizoni wa dioxin amene analowa poumitsa. Mafamu okhudzidwa anali ochepa, koma m'mafakitale nyama ya mafamu onse inali itasakanikirana moti panalibe wotha kunena kuti soseji iyi yachokera ku khola liti. Kwa masiku angapo, Khirisimasi ili pafupi, mashelefu anali mbee. 

Kupanga soseji kunyumba, kumene lero kumatchedwa mwambo wa makolo, kwakula makamaka m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya aphunzitsi a zophika ngati Darina Allen, amene anatsegula sukulu ya Ballymaloe mu 1983 ndipo mu 2009 anatulutsa buku lophunzitsa maluso a m'khitchini amene anali kuiwalika. Yachiwiri ndi ya anthu a ku Ireland okhala kunja. Dziko la United States nthawi zambiri sililola wapaulendo kulowa ndi nyama yaiwisi m'chikwama, ndipo soseji ya kumeneko imakoma mwina. Munthu wa ku Galway wokhala ku Boston kapena Sydney akaipukwa, amagula kachigayo ka nyama n'kuyamba kuyesa, makamaka tsiku la Patrick Woyera, pa 17 Malichi, likamayandikira. Chimene akufuna kubweza si soseji ya agogo ake, koma ya mwini butchala wa pa ngodya ya msewu umene anakulira.

Kapangidwe kake n'kosavuta, koma kali ndi malamulo ake. Nyama yabwino ndi ya paphewa yosakaniza ndi ya pamimba, kuti mafuta akhale gawo limodzi mwa magawo anayi kapena kuposerapo pang'ono. Woopa mafuta asayambe n'komwe, chifukwa adzadya utuchi. Pa kilogalamu imodzi ya nyama pamalowa magalamu 120 mpaka 150 a rusk, mamililita pafupifupi 200 a madzi ozizira kwambiri, ndi magalamu 18 mpaka 20 a mchere. Rusk ndi buledi wopanda yisiti, wophikidwa ndi ufa wa tirigu, madzi, mchere ndi pawudala wofufumitsa, amene amadulidwa, kuumitsidwanso mu uvuni n'kusinjidwa. Nyenyeswa za buledi woyera wogona zimagwiranso ntchito, ndipo ena amawonjezera dzira. Zokometsera zimatsogoleredwa ndi tsabola woyera, kenako mace, nutmeg ndi jinja pang'onopang'ono, ndi masamba a sage kapena thyme. Palibe chimodzi choyenera kumveka pamwamba pa chinzake. Mwini butchala aliyense ali ndi muyeso wake umene sauza munthu.

Anthu a kuno kummwera kwa Africa, ozolowera boerewors imene lamulo la ku South Africa limati ikhale ndi nyama yosachepera magawo 90 pa 100, angaone ngati buledi ndi chinyengo. Chiyambi chake chinalidi kuchulukitsa zochepa. Koma buledi ameneyu amamwa madzi ndi mafuta pamene soseji ikupsa n'kuwasunga mkati, ndipo kufewa kumene anthu a ku Ireland amakufuna kumachokera pomwepo. Ophika kunyumba ambiri amalakwitsa pofuna kuchita bwino: amachotsa buledi, kuchulukitsa nyama, n'kudabwa kuti yatuluka youma ndi yolimba.

Chinsinsi china ndi kuzizira. Nyama, mbale ndi zitsulo za chigayo zimayamba zakhala mufiriji, chifukwa mafuta akafunda amapakika m'malo modulidwa, ndipo pophika amathawa onse. Nyama imagayidwa kawiri, kachiwiri pa sefa ya timabowo ting'onoting'ono. Kenako amasakaniza zonse ndi manja, kukanya mpaka phalalo liyambe kumata m'zala. Asanalonge, wanzeru amakazinga kachidutswa kamodzi n'kulawa mchere, popeza zikalowa m'matumbo palibenso kukonza. Matumbo amagulidwa osungidwa mumchere, ndipo amaviikidwa m'madzi ndi kutsukuluzidwa mkati. A nkhosa ndi a masoseji owonda a m'mawa, okwana 16 pa paundi imodzi, ndipo a nkhumba ndi a onenepa, okwana 8. Polonga sathinitsa kwambiri, kuti popotokola mfundo khungu lisang'ambike. Wopanda makina olongera amatha kugwiritsa ntchito fanulo ndi chala, monga ankachitira amayi a pudding aja, ngakhale imeneyo ndi ntchito yofuna mtima wautali. Akamaliza amawagoneka mufiriji usiku umodzi osavundikira, kuti khungu liume ndipo zokometsera zilowerere.

Pophika, moto ukhale wochepa. Chiwaya chimapakidwa mafuta pang'ono kapena batala, ndipo masoseji amatembenuzidwa kawirikawiri kwa mphindi 15 mpaka 20 kufikira atafiira mbali zonse. Moto waukali umapsereza kunja mkati muli mwamwisi, ndipo madzi a mu rusk akawira mofulumira khungu limaphulika. Kubaya ndi foloko n'kutaya msuzi umene buledi uja anaikidwira kuti asunge. Bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ireland limalangiza kuti pakati pa soseji pafike madigiri 75, ndipo wopanda choyezera adule imodzi aone kuti mulibe kufiira ndipo madzi ake ndi oyera. Za m'sitolo zimathiridwa mankhwala otetezera kuti zikhalitse ndi kuoneka zofiirira. Zapanyumba zilibe zimenezo, choncho zimatuwa msanga ndipo ziyenera kudyedwa pasanathe masiku awiri. Zotsala amazikulunga m'timapaketi ta chakudya cha tsiku limodzi n'kuziika mufiriji youmitsa.